Mayina Pansi pa Zidole za Phingo

Usiku wa Lachinayi lija sindinagone. Mwandida anali chigonere pambali panga, akupuma mofulumira ngati kamwana ka mbuzi. Ine maso anali kudenga, ndikuwerenga zipinda za thabwa la tchesi m'mutu mwanga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma kuwerenga kumeneku sikunkafuna sukulu. Pakati pa kadole kokhala ndi nkhope ya mwana wanga ndi chidole chofiira chopanda nkhope panatsala zipinda ziwiri zokha.

Ndiyambire kumene zinayambira, kuti musamati mayiyu mutu wake sukuyenda bwino.

Amuna anga, a Gostino, ndi mmisiri wosema ziboliboli. Kwawo ndi ku Nsipe, kuno kwathu kufupi ndi Golomoti anabwera chikamwini. Amasema njovu, mipando ndi mbale zoikamo zipatso, koma chimene amadziwika nacho pamsewu wa tala ndi tchesi. Apaulendo a pagalimoto amaikonda tchesi yawo chifukwa si yachizungu. Mfumu amaiveka chikopa cha nyalugwe, mfumukazi amaisenzetsa mtsuko, m'makona amaimikamo nkhokwe, ndipo m'malo mwa hatchi amasema mbidzi. Kusewera kwenikweni satha. Amangodziwa kuti ichi chimayenda chonchi, icho chimadumpha chonchi, zongokwanira kuuza wogula.

Munthu uja anabwera mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Ogula onse amaima kumsewu, koma iyeyu anafika pakhomo penipeni, wapansi. Ine ndinkasenda chinangwa pakhonde.

"Odi kuno kwa a Nabiyeni!"

Mpeni unandipulumuka m'manja. A Nabiyeni ndi mayi anga, ndipo anatisiya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Palibenso munthu amene amaodira ndi dzina limenelo.

Anali bambo wamtali, woonda, atavala jekete lakuda lachikale. Kunja kunkatentha moti nkhuku zinali kukamwa yasa, koma iye analibe thukuta ngakhale dontho. Galu wathu, amene amauwa ngakhale mbuzi yodutsa, anakalowa pansi pa nkhokwe osatulutsa mawu. Ndinayang'ana kumapazi kwa mlendoyo. M'munsi mwa buluku lake munali dothi lofiira lonyowa, pamene mvula inali isanagwe chiyambire Epulo. Nditamupatsa madzi analandira ndi manja awiri, n'kuika kapuyo pansi osamwa.

A Gostino anatuluka m'chisakasa chimene amasemeramo, akudzikutumula zipalapala.

"Takulandirani, achikulire. Tikuthandizeni?"

"Amisiri, ndamva kuti manja anu ndi abwino," anatero mlendoyo. Mawu ake anali otsika, osathamanga. "Kwathu timasewera tchesi, koma yathu ndi yotakata. Zipinda khumi uku, khumi uku. Ndiye mbali iliyonse imakhala ndi zidole zitatu zoonjezera."

Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi. Choyamba chimayenda zipinda zitatu mbali iliyonse n'kuima. Chachiwiri chimayenda chopingasa ndipo chimatha kudumpha chinzake. Kachitatu n'kakang'ono, kamaima pakati pa asilikali, kamayenda chipinda chimodzi chokha ndipo sikagwetsa aliyense.

"Nanga ntchito yake n'chiyani kameneko?" anafunsa amuna anga.

"Kakagwa, masewera atha."

"Osati mfumu?"

"Mfumu imangokhalapo."

A Gostino anaseka, mlendoyo sanaseke.

"Maonekedwe ake ndi mayina ake musankhe nokha, amisiri ndinu," anapitiriza. "Koma zitatu zakudazo zikhale ndi nkhope za anthu, ndipo dzina la mwini nkhope mulilembe pansi. Zofiirazo zonse muzisiye zosalala. Eni ake amadziwana."

Amuna anga anakanda m'mutu. Zofiira amasema ndi mlombwa, umenewo unalipo. Koma zakuda zimafuna phingo, ndipo phingo kuno anatha kalekale.

"Alipo wagwa kuseri kwa msitu uko, pafupi ndi chulu," anatero mlendoyo. Za mtengo wogulira sanafunse n'komwe, ndipo a Gostino anaganiza kuti apeza munthu wolemera wosafuna kudzionetsa. Atatsanzika ndinaimirira kuti ndione njira imene alowere. Ndinangowerama kutola kapu ija, podzuka panjira panalibe munthu.

Mawa lake a Gostino anabwera ndi zipika ziwiri za phingo panjinga. Zinkanunkha dothi lonyowa. Ndinamva fungolo, koma sindinafunse kuti chulu chake n'chiti. Zulu kuno n'zambiri.

Tsiku losankha mayina tinakhala pakhonde dzuwa likupendeka. Ndikalikumbukira mtima umandiwawa, chifukwa tinaseka kwambiri.

"Choyenda zipinda zitatu n'kuima," anatero amuna anga, pensulo ili kukhutu. "Chimenechi n'chiyani, amake Mwandida? Fisi?"

"Fisi saima. Ameneyo ndi mlonda. Amayenda pang'ono, n'kukhala pansi, n'kuyamba kuwodzera."

"Ndiye a Jailosi amenewo!"

A Jailosi anali mlonda wa pachigayo, bambo wa chipewa cha ubweya chimene sankavula ngakhale kutenthe bwanji, ndi tochi yopanda mabatire. Tinagwirizana kuti chidolecho chitchedwe Mlonda.

"Nanga chodutsa m'minda ya eni, chodumpha mipanda?"

Tinayang'anana n'kuphulika kuseka, chifukwa tonse tinkaganiza munthu mmodzi. Amayi anga aang'ono, a Filesi, anali mzamba kale, ndipo mpaka nthawi imeneyo akamva kuti kwinakwake kuli matenda sankatsata njira, ankangolunjika. Ndi iwo amene anandisamala mayi atamwalira. Ndi iwonso amene anandigwira dzanja tsiku limene Mwandida ankabadwa. Chidole chachiwiri tinachitcha Mzamba.

Kachitatu kanativuta. A Gostino anati kakhale kamwanapiye, ine ndinati mlendoyo anati nkhope za anthu. Mwandida, amene anali ndi zaka zinayi, ankasewera ndi zipalapala pamapazi pathu. Anadzutsa mutu.

"Ababa, a Jailosi muwasema, agogo muwasema. Nanga ine?"

"Iwe makutu akowo angandithere mtengo."

"Ayi, mundiseme!"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti mwana ayi. Koma anali atakwera kale pamiyendo pa bambo ake, akuwakoka ndevu, ndipo ndinaona ngati ndikhala mayi wouma mtima pa nkhani ya chidole. Kadoleko tinakatcha Kamwana.

Ntchitoyo inatenga masabata atatu. Sindinaonepo amuna anga akusema bwino chomwecho. Mlonda anatuluka ndi chipewa chake ndi mlomo wake wolendewera. Mzamba anatuluka ndi duku lomanga cham'mbali monga amamangira amayi aang'ono. Kamwana kanali ndi timakutu totuluka ndi kachipsera ka pachipumi pamene Mwandida anadzigunda pamtondo. Mayina anawalemba pansi ndi msomali wotentha, utsi wake ukununkha ngati tsitsi lopserera. Atamaliza kupaka polishi anandanda zidole zonse pathabwa m'chisakasa, zakuda uku, zofiira zopanda nkhope uko, n'kutseka chitseko ndi loko. Tinayamba kudikira mwini wake.

M'mawa mwake msilikali mmodzi wofiira anapezeka atasunthira kutsogolo zipinda ziwiri.

"Mwana wakoyu akulowa bwanji muno?" anafunsa a Gostino, n'kumubwezera pamalo pake.

Tsiku lotsatira msilikali yemweyo anali atabwereranso pomwepo. Mwandida anadzuka thupi lili moto. Ndinamubereka kupita kuchipatala, anamuyeza malungo sanawapeze. Anangondipatsa panado. Tsiku lachitatu zomwezo. Amuna anga ankabweza msilikaliyo, m'mawa ankapezeka atasuntha, ndipo mwana anasiya kudya, anasiya kulira, ankangoyang'ana khoma.

M'mawa wachinayi a Gostino anapsa mtima. "Kaya ndi khoswe kaya ndi ndani, ngati mukufuna masewera, nawa!" Anakankha msilikali wakuda kupita kutsogolo n'kumenyetsa chitseko.

Nthawi ya nkhomaliro isanakwane, Mwandida anadzuka pamphasa n'kundikoka chitenje. "Amama, phala."

Ine ndinaona. Nditawauza amuna anga anati ndi panado wayamba kugwira ntchito. Koma kuyambira tsiku limenelo sanabwezenso chidole chofiira. M'mawa uliwonse ankalowa m'chisakasa, n'kusuntha chakuda chimodzi mwachisawawa, ngati munthu woponyera galu fupa kuti asiye kuuwa.

Ndinayamba kumva kaphokoso m'bandakucha, nthawi imene ndimadzuka kukatunga madzi. Kho. Kamodzi kokha, ngati mtengo wagunda mtengo unzake mofatsa. Ndikakasuzumira pamng'alu wa chitseko, loko ali chitsekere, m'kati mulibe munthu, koma pansi pa mbali ya zofiira pamakhala ponyowa.

Asilikali akuda anayamba kugwa. Sitinkawapeza atamwazika. Ankakhala atagonekedwa bwinobwino pambali pa thabwa, pamzere, mitu yonse italoza kumsitu. Mbidzi imodzi inagwa, nkhokwe imodzi inagwa, m'mudzi simunachitike kanthu. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndine wamantha chabe.

Kenako Lachiwiri lina tinapeza Mlonda atagona pamzere uja.

Tinali tikadali chiimire, tikuyang'anana, pamene kulira kunamveka kuchigayo. A Jailosi anawapeza atakhala pabenchi pawo, chipewa chili kumutu, tochi ili m'manja. Mwini chigayo anawalankhula kawiri asanadziwe kuti akulankhula ndi mtembo.

Pamaliropo ndinatumidwa kukapereka madzi kwa adzukulu, anthu okumba manda. Mkulu wawo ndi a Lefani, bambo wanthabwala amene amaseketsa anthu ngakhale ali m'dzenje.

"Wabwera mkazi wa mmisiri!" anafuula. "Ukawauze amuna ako atisemere makasu, awa atha ndi anthu a m'mudzi muno osafuna kukhala ndi moyo."

Anzawo anaseka. Ine ndinayang'ana dothi limene ankaponya kunja kwa dzenje. Linali lofiira, lonyowa. Ndinawakokera a Lefani pambali.

"Bambo, phingo amene anagwa kuseri kwa msitu, pafupi ndi chulu, ndi wa ndani?"

"Amene wina wadula usiku uja? Tikumufunafuna wakubayo. Bwanji?"

"Sanadule usiku. Anadula masana. Sankadziwa."

Kumwetulira kunachoka pankhope pawo pang'onopang'ono. Anaika kapu pansi.

"Iwe mwana wa a Nabiyeni, iwe sudziwa kuti paja ndi pamanda akale? Mpanda wa nkhadze unapsa iwe uli wakhanda, mitumbira inafafanizika, koma aliyense wobadwira muno amadziwa kuti paja sitola ngakhale nkhuni. Mizu ya mtengo umene uja ili m'nthiti za agogo ako."

"Amuna anga ndi obwera."

"Iwe ndiwe wobwera?"

Ndinawauza zonse, za mlendo, za thabwa, za mayina. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Sananene kuti ndikunama, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa kwambiri. Anangoti, "Bwezani," n'kulowanso m'dzenje.

Tinabweza. A Gostino ananyamula thabwa ndi zidole zonse m'thumba, ine ndinatenga ufa m'mbale, tinakagwada pachitsa paja masana dzuwa likuswa mtengo. Tinapepesa, tinathira ufa, tinasiya thumbalo pomwepo. M'bandakucha ndinamva kho. Thabwa linali m'chisakasa, chidole chilichonse pamene chinali dzulo lake, kupatula chofiira chimodzi chimene chinali chitasuntha.

Ndinatenga Kamwana n'kukamangirira m'chitenje changa, pamimba. Ndinagona nako. Podzuka mfundo inali chimangire, koma m'kati munalibe kanthu.

A Gostino anati tifufute dzina. Anatenga tupa, n'kutembenuza kadoleko, n'kupala kamodzi kokha. Kunja Mwandida anakuwa kukuwa kumene sindidzaiwala. Ndinamupeza atakhala pansi atagwira phazi. Kuphazi kwake khungu linali litasupuka kamzere kowongoka, magazi akuchucha, pamene pabwalo panalibe botolo kapena munga. Zotentha thabwalo pamoto sitinazitchule n'komwe.

Akatekisiti anabwera, anawaza madzi odalitsa, anapemphera. Ali pakati pa pemphero anatsegula maso n'kuyang'ana mbali ya zofiira, n'kumaliza mofulumira. Tiyi amene ndinawaphikira sanamwe. Tinaitananso mphunzitsi wina wa kusekondale amene amati amatha tchesi. Sitinamuuze zambiri, tinangoti ndi masewera a munthu wina. Anakhala pamenepo ola lathunthu atagwira chibwano.

"Zidole zatsopanozi sindikuzidziwa bwino," anatero pomaliza. "Koma wakudayu anayamba ngati munthu wosafuna kupambana. Wofiirayu sakufuna mfumu n'komwe, onse akulowera kwa kakang'onoka. Mungathe kuchedwetsa, basi."

"Masiku angati, aphunzitsi?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana modabwa. "Masiku? Mayi, ndi masewera chabe."

Tinachedwetsa. Tsiku lililonse tinkapereka kanthu, lero msilikali, mawa mbidzi yotsala, mkuja mfumukazi ndi mtsuko wake. Tsiku lina tinayesa kusasuntha kalikonse, koma pofika masana mwana anali atayamba kutembenuza maso, ndipo a Gostino anathamangira m'chisakasa. Anasiya kupita kumsewu. Anaonda, ndevu zinakula. Ine ndinaphunzira kayendedwe ka chidole chilichonse kuposa iwo.

M'mawa wina mu Novembala tinapeza nkhokwe yofiira itaima mzere umodzi ndi Kamwana, pakati popanda kanthu. Kamwana kanalibe kothawira. Tinayang'ana thabwa lonse, tinayang'ananso. Chidole chimodzi chokha ndi chimene chikanatha kudumpha n'kudzaima pakatipo.

Amuna anga anatambasula dzanja, n'kulibweza. Anatambasulanso, n'kulibwezanso.

"Sindingathe, amake Mwandida. Ndi mayi ako."

Anatuluka. Ndinamva akusanza kuseri kwa chisakasa. Ine ndinatsala ndekha ndi thabwa. Panja Mwandida ankaimbira nkhuku kanyimbo ka kusukulu ya mkaka.

Ndinanyamula Mzamba ndi dzanja langali n'kumuimika pakatipo. Anali wofunda.

Masana a tsiku lomwelo amayi aang'ono anatulukira kuseri kwa nyumba, atadutsa m'munda monga mwa chizolowezi chawo, atasenza mango m'beseni.

"Ali kuti mkazi mnzanga wolanda amuna?" anafuula, kuitana Mwandida. "Bwera udye, uli ngati udzudzu. Amako sakukupatsa chakudya?"

Anakhala pakhonde n'kumusendera mango ndi mano. Kenako anandiyang'ana ine.

"Nanga iwe maso afiira bwanji? Wamenyedwa?"

"Ayi, amayi. Utsi."

"Utsi wake uti, moto sunakoleze? Ukundibisira chiyani?"

Ndinagwada n'kuika mutu pamiyendo pawo ngati mwana. Ndinayamba kulira. Anandisisita m'mutu, manja akununkha mango.

"Lira, usanene. Zilizonsezo zidzatha. Mawa ndibwera ndidzakuthandize kubzala, mvula ili pafupi."

Powaperekeza ndinafika nawo mpaka pakhomo pawo, chinthu chimene sindinkachita. Anandiseka kuti ndayamba ulemu wa ku tauni.

Anawapeza m'mawa atagona chammbali pamphasa pawo, mbewu ya chimanga ili m'mbale pafupi ndi chitseko.

Tikuchokera kumanda, ndili pakati pa amayi anzanga, ndinamuona munthu uja. Anaima pansi pa mlambe wa panjira ya kuchigayo, jekete lomwe lija, manja kumbuyo. Ndinapatuka n'kupita pamene anali. Mantha anali atandithera.

"Zikuyenda bwanji, mwana wa a Nabiyeni?"

"Tengani thabwa lanu, bambo. Chonde. Tengani ndi mbuzi, ndi nyumba yomwe."

"Likatha ndidzatenga."

"Mwanayo walakwa chiyani?"

Anandiyang'ana mofatsa, ngati munthu amene wafunsidwa za nkhani ya eni.

"Ine sindinatchule dzina la munthu. Ndinati musankhe nokha."

Wina anandigwira phewa. Anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe. "Amake Mwandida, mukulankhula ndi mtengo? Tiyeni kunyumba, chisoni chingakupengetseni." Pansi pa mlambe panali ponyowa, basi.

A Gostino anatenga chipika chimene chinatsala n'kuchidula pakati. Anaimika kagalasi kometera ndevu pawindo n'kudzisema okha, tsiku limodzi, osadya. Analemba dzina lawo pansi n'kuimika chidolecho kutsogolo kwa Kamwana.

"Ndine ndinadula mtengo," anatero. "Atenge ine."

Anandiuza kumene kuli makadi a mwana a kuchipatala, anandiuza amene ndidzamugulitse zipangizo. Anavala malaya awo a kutchalitchi n'kukhala pampando kudikira.

Kutacha anali moyo. Chidole chawo tinachipeza pakhomo pa chisakasa, kunja, chitaimikidwa bwinobwino, nkhope italoza kumsewu. Anachibwezera pathabwa. M'mawa mwake chinalinso panja. Masiku atatu zomwezo, uku zofiira zikuyandikira.

Ndinapita kwa a Lefani. Ndinawapeza akusula khasu pansi pa mtengo wa mango. Nthabwala panalibe.

"Amuna ako akamwalira tidzawaika kuti?" anandifunsa.

"Abale awo adzawatenga. Ku Nsipe."

"Ndiye ukudabwa chiyani? Mkamwini alibe malo m'msitu muja. Iwo aja sakumudziwa, sangamulandire." Anapitiriza kusula osandiyang'ana. "Jailosi anabadwira muno. Filesi anabadwira muno. Mwana wako ndi wa muno, chifukwa mwana ndi wa kwa amake."

"Ndiye ndichite chiyani, bambo?"

"Ine ndimangokumba, mwana wanga."

Limenelo linali Lachinayi. Kumbali yakuda kunatsala mfumu yokha kukona kwake, ndi Kamwana katapanikizika m'mphepete mwa thabwa. Msilikali wofiira ankabwera chipinda chimodzi tsiku lililonse, osafulumira. N'chifukwa chake sindinagone. Ndinaganiza zothawa naye mwana kupita ku Lilongwe, koma a Jailosi ndi amayi aang'ono sanali pafupi ndi thabwa pamene ankagwa. Ndinaganiza zopempha wina wa m'mudzi, nkhalamba imene yatopa kale ndi moyo, n'kuchita manyazi ndi maganizo angawo. Dzanja langa linali likadakumbukira kufunda kwa Mzamba.

M'bandakucha ndinamva kho.

Ndinadikira kuti kuyere. Ndinasesa pabwalo, ndinakoleza moto, ndinaphikira mwana phala n'kuthiramo nsinjiro zambiri monga amakondera. Kenako ndinatsegula chisakasa. Pakati pa wofiira ndi Kamwana panatsala chipinda chimodzi chopanda kanthu.

Theka la chipika lija linali pansi pa benchi, lalitali ngati chikhatho changa. Ndinalitola n'kukaliika pamiyendo pa amuna anga, amene anali atakhala pakhonde, maso ali gwa.

Anayang'ana chipikacho, anayang'ana ine.

"Ayi."

"Ine ndine wa muno. Andilandira."

"Ayi, amake Mwandida. Ukuganiza kuti zitha? Mawa akugwetsa iwe, mkuja afika kwa mwana. Ukungogula tsiku limodzi."

"Mwina awiri. Msilikali sagwetsa choima kutsogolo kwake, munandiphunzitsa ndinu. Adzayenera kuitana china chizungulire."

"Ndiye chikazungulira?"

Anagwira nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Ndinawasiya alire. Ndinapita kuseri n'kusamba kumaso ndi sopo, ndinavula duku kuti makutu ndi chipumi zioneke bwino. Ndinatenga kampando n'kukaika pabwalo, pamene dzuwa limayambira kufika.

Patapita nthawi anadzuka n'kukatenga sompho ndi timipeni tawo. Anakhala pansi moyang'anana nane. Mawu awo anali osasa.

"Tichitcha chiyani?"

"Chilichonse. Mayi."

"Chiziyenda bwanji?"

"Chisamayende. Chizingoima pamene mwachiikapo."

Mwandida anabwera ndi mbale yake ya phala n'kutsamira pabondo langa, akuyang'ana bambo ake.

"Ababa, mukuwasema amama?"

"Eya."

"Muwaike pafupi ndi ine."

"Pansipo mulembe Dorika," ndinawauza amuna anga. "Osati amake Mwandida. Kumsitu kuja amandidziwa ndi dzina limene anandipatsa mayi."

Ndinakweza chibwano, ndinaika dzanja pamutu pa mwana wanga, n'kukhala bata kuti asalakwitse nkhope.